Kiyibodi Inapitiriza Kuimba pa Maliro a Adada Moyo

Amene mwakhala kumbuyoko sendererani kuno, chifukwa mawu anga ndi aang'ono ndipo maikolofoni ndaikana. Zamagetsi zinandichititsapo manyazi kamodzi, kachiwiri ayi. Mwaseka eti? Sekani ndithu, ine ndiye ndinatha chaka chathunthu osaseka.

Dzina langa ndine Lameki, kwathu ndi ku Dowa. Kuno ku Mzimba ndinabwera ndi ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Mkazi wanga, mayi a Tadala, anatsala ku Lilongwe ndi ana athu awiri chifukwa cha ntchito yawo ya uphunzitsi. Tinagwirizana kuti adzanditsatira akapeza malo kuno. Ine ndinatsika basi pa Boma ndi chikwama chimodzi, matiresi, ndi kiyibodi yanga. Ndi piyano ya magetsi ija yonyamula m'manja, yotalika ngati benchi ya anthu atatu, yoti ukaimangirira bwino pakabaza imafika kulikonse. Ndinaphunzira kuimba ndili mnyamata ku tchalitchi cha kwathu, ndipo kunena zoona ndinkadzimva nayo.

Inu amene munatumizidwapo kutali ndi kwanu mukudziwa mmene zimakhalira. Ku ofesi anthu amakulankhula bwino lomwe. Ikangokwana nthawi yoweruka, aliyense waloza kwawo, iwe watsala. Chitumbuka changa chinali "monile" ndi "yewo" basi. Pamsika anthu aseka, iwe ungomwetulira osadziwa ngati akuseka nkhuku kapena iweyo. Ndiye kuzizira kwa mu Juni kochokera ku Viphya kuja, m'nyumba ya zipinda zitatu muli munthu mmodzi. Ndinkasungulumwa, abale anga, sindikubisa.

Ndinapeza tchalitchi chaching'ono kunja kwa tauni. Kiyibodi analibe. Nyimbo ankayambitsa ndi mdala wina, Adada Moyo, amene anapuma ntchito yocheka matabwa ku Viphya. Kudzanja lamanja anali ndi zala ziwiri zokha, zinazo makina anadya. Chichewa ankachidziwa bwino chifukwa kumatabwako ankagwira ndi anthu a maboma onse, koma chinkamveka fungo la Chitumbuka.

Lamlungu loyamba kubweretsa kiyibodi ndinati ndiwaonetse kuti kwabwera munthu wa ku Lilongwe. Ndinaithamangitsa nyimbo ija ngati minibasi yolimbirana okwera. Pamene ine ndinkamaliza ndime yachiwiri, mpingo unali ukadali pakati pa yoyamba. Titatuluka, mdala uja anandigwira pamkono.

"Alangizi, munadyetsapo ng'ombe?"

Ndinati eya, kwathu tinali nazo.

"Mbusa amayenda kutsogolo kapena kumbuyo?"

"Kumbuyo, adada."

"Mbwenu. Loweruka mubwere kunyumba ndi chinthu chanucho."

Loweruka limenelo linabala Maloweruka ambiri. Tinkakhala pakhonde pawo, kiyibodi patebulo, batire la galimoto pansi. Akazi awo, amama NyaShaba, ankabwera ndi tiyi ndi chinangwa chophika, n'kukhala pamkeka. Awiriwa anakumana kukwaya ali achinyamata, ndipo mawu awo ankagwirana ngati khasu ndi mpini wake. Mmodzi akayambitsa nyimbo, ntchito yanga inali kupeza pamene mawu ake agwera, n'kulowa pansi pake mwakachetechete. Akaima kuti apume, mdala ankandigogoda pamkono ndi zala zake ziwiri zija.

"Kwezani manja. Anthu akaima, inu kwezani manja. Pachoko pachoko, pang'onopang'ono."

Anandigogoda mpaka manja anga anazolowera kukwera okha. Anandiuzanso mwambo wa mpingo wawo, woti woyambitsa nyimbo akagwidwa ndi misozi pakati pa nyimbo, onse amakhala chete. Palibe womulumpha, palibe womumalizira. Amamudikira mpaka aitolenso yekha.

Panali nyimbo imodzi yakale ya Chitumbuka imene ankaikonda koposa, yoyenda pang'onopang'ono, ya ndime zinayi. Tsiku lina titaimaliza, mdala anati, "Iyi ndi ya pamaliro anga. NyaShaba ndiye adzayambitse. Inu mudzamutsate. Akadzalira, mudzamudikire, ndapota."

Amama anawakalipira kuti asiye kuitana imfa tiyi asanazizire. Tonse tinaseka. Ine ndinalonjeza, ndiponso ndinadina batani lojambulira n'kuti tiibwereze, kuti ndizikaiyeserera kunyumba. Kiyibodi yangayo ili ndi malo khumi osungira nyimbo. Iyi inalowa pa nambala wani, ndipo ndinaiwala zoti ilipo.

Tsono vuto la Loweruka ndi loti limabwera kamodzi pamlungu. Masiku ena aja ndinkawatha ndekha. Malo a ntchito a mayi a Tadala sanapezeke. Poyamba ndinkapita ku Lilongwe mwezi uliwonse, kenako pakatha miyezi itatu, kenako foni yokha, ndipo pafonipo tinkangokamba za ana. Madzulo ndikaweruka ndinkaimba kiyibodi. Woyandikana naye nyumba anali namwino amene ankagona msanga akachoka kuntchito, ndipo anandipempha mwaulemu kuti ndichepetse phokoso. Sanalakwe. Ndinagula mahedifoni.

Mahedifoni, abale anga! Ukawavala, nyimbo yonse imalowa m'mutu mwako mokha. Munthu wodutsa pawindo amangoona bambo wamkulu akugwedeza mutu, zala zikugogoda pulasitiki. Ndinkaimba maola atatu popanda khutu lina lililonse londimva. Ndiye tsiku lina lozizira ndinaika kabotolo kakang'ono ka mowa pambali pa kiyibodi, ati kofunditsa zala.

Ine kubala sindinkapitako. Opita kubala bola, ali ndi anzawo owatukwana. Ine ndinkagula timabotolo panjira yochokera kuntchito, n'kutibisa m'chikwama pakati pa mapepala a malangizo a feteleza. Timabotolo titayamba kuchepa mphamvu, ndinapeza mayi wina wotcheza kachasu kumudzi wina kumene ndinkayendera alimi. Chigubu cha malita awiri chinkakwera nane panjinga yamoto ya boma. Chitseko chotseka, makatani otseka, mahedifoni kumutu, kapu pambali. Sipanathe chaka, manja anga anayamba kunjenjemera m'mawa uliwonse. Batani la malaya linkandivuta kumanga. Lamlungu m'tchalitchi chala chinkagwera kiyi yoyandikana nayo, ana a Sande sukulu n'kumatsinana.

Munthu wanzeru akanapita kukapempha thandizo. Ine ndinapita kwa batani lojambulira. Lachinayi ndinkatenga manambala a nyimbo za Lamlungu kwa a Tembo, mkulu wa mpingo. Lachisanu madzulo, nditamwa makapu awiri okhazikitsa manja koma ndisanafike pa kapu yachinayi yowononga mutu, ndinkaimba nyimbo zonsezo bwinobwino n'kuzisunga m'kiyibodi. Lamlungu ndinkakokera tebulo pakona, kudina batani, zala zikungoyandama pamwamba pa makiyi osawakhudza. Nkhope ndinkaiika yauzimu kwambiri, maso otsinzina.

Koma panali chopinga chimodzi. Chojambula sichingatsate munthu. Ngati Adada Moyo ayambitsa nyimbo, mawu awo ndi a kiyibodi sangagwirizane. Ndiye ndinapita kwa akulu a mpingo n'kuwauza kuti masiku ano m'matchalitchi otukuka kiyibodi ndiyo imayamba, anthu n'kumatsatira. Achinyamata anaombera m'manja. Ndinakweza sipika kuti aliyense wotsalira m'mbuyo asamveke. Mdala uja, amene anayambitsa nyimbo m'tchalitchimo kuyambira ine ndisanabadwe, anakhala pansi ndi buku lake pamwendo. Sanadandaule. Anthu ankandiyamikira pakhomo kuti alangizi masiku ano sakuphonya ngakhale pamodzi.

Lamlungu lina ndikukulunga mawaya, mdala anaima patsogolo panga. Tinatsala awiri.

"Alangizi, ine ndagwira makina zaka zambiri. Makina ndimawadziwa akamayenda okha." Anayang'ana manja anga, ine n'kuwabisa m'matumba. "Zala zanu zikumafika mochedwa, nyimbo itadutsa kale. Mukudwala, mwana wane. Bwerani Loweruka, ngakhale opanda kiyibodi."

Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndinamuona ngati mdani. Ndinamuyankha kuti nsanje si yabwino kwa munthu wamkulu, kuti ngati akufuna mpando wake anene poyera. Ndinanena zimenezo, ine Lameki, kwa munthu yekhayo mu Mzimba monse amene ankadziwa kuti tiyi ndimamwa wa masipuni atatu. Mdala anangoti "yewo," n'kutuluka.

Pakhonde paja sindinapondeponso. Patapita miyezi, anayamba kudwala chifuwa, ndipo ana ake anamutengera kuchipatala ku Embangweni, kufupi ndi mudzi wa kwawo. A Tembo anandiuza kawiri kuti mdala akukufunsani. Kawiri konse ndinati ntchito yachuluka. Zoona zake ndinkaopa kuti akandinunkhiza. Kachitatu a Tembo anabwera ku ofesi Lachiwiri m'mawa, chipewa chili m'manja. Anati mdala watisiya, maliro ndi Lachinayi kumudzi, ndipo amama NyaShaba akuti musaiwale lonjezo.

Lachitatu ndinayesa kuimba nyimbo ija ndi manja anga. Zinakanika. Ndinamwa makapu awiri, ndinaijambula ndime zonse zinayi pa liwiro langa, n'kuisunga pa nambala naini. Ndinadziuza kuti ndikuchitira ulemu mdala, kuti pamaliro ake pasamveke cholakwika.

Apa ndiyenda pang'onopang'ono, mundipirire.

Lachinayi kunacha kwadzuwa. Anthu anadzaza pabwalo la nyumba mpaka m'munda wa chinangwa. Amayi a chigwirizano anakhala mozungulira bokosi, amama NyaShaba pakati pawo, mpango wakuda kumutu. Ine anandiika pansi pa mtengo wa mango, poonekera aliyense, popanda kona yobisalamo. M'mawa umenewo ndinali nditamwa kuseri kwa chimbudzi kuti manja akhazikike, koma sanakhazikike.

Ulaliki utatha, a Tembo anaimirira n'kulengeza kuti malemu anasiya pempho, kuti nyimbo yotsiriza ayambitse ndi akazi awo. Amayi awiri anawadzutsa amama. Ndinawaona akukoka mpweya, akutsegula pakamwa. Ndinadziwa kuti akangoyamba okha, chojambula changa sichigwirizana nawo. Ndinadina batani mwachangu, ndinawalanda chiyambi.

Anatembenuka n'kundiyang'ana. Kenako analowa m'nyimbomo. Inali pamwamba kwambiri kwa mawu a mayi wokalamba amene walira masiku awiri, ndipo inkathamanga. Anaikakamira choncho, khamu lonse likuwatsatira. Ndime yoyamba inatha. Pakati pa ndime yachiwiri mawu awo anaduka. Anagwira pachifuwa, mapewa akugwedezeka. Anthu onse aja anakhala chete nthawi imodzi, monga mwa mwambo wawo.

Ndiye manja angawa, amene mdala anawagogoda Maloweruka onse aja, anakumbukira. Ndisanaganize n'komwe, anakwera okha m'mwamba.

Kiyibodi inapitiriza kuimba.

Manja onse awiri ali m'mwamba, akunjenjemera poyera, nyimbo ikuyenda yokha mokoma, yopanda cholakwika. Anthu mazana akuyang'ana. Ndinathamangira kuti ndiizimitse, chala n'kugwera batani la ng'oma. Zinalira ng'oma za dansi, abale anga, pamaliro a Adada Moyo, akazi awo akulira. A Tembo anadumpha, n'kuzula waya pabatire.

Zii amene anagwa pamenepo sindidzamuiwala. Palibe anatukwana. Amama NyaShaba anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakhala pansi. Nyimbo ija sanaitolenso. Abusa anapereka pemphero, achinyamata ananyamula bokosi. Anthu ankandilambalala ngati chitsa. Ndikanakonda wina andimenye khofi. Kumanda sindinapite. Ndinamangirira kiyibodi pakabaza mpaka pamsewu, n'kukwera minibasi ya ku Boma nditaikhazika pamwendo.

Mukuganiza kuti ndinasiya mowa tsiku limenelo? Ayi ndithu. Ndinamwa milungu iwiri mosalekeza. Kuntchito ndinanama kuti ndili ndi malungo. Kutchalitchi sindinapite. Pakhomo panga sipanamveke odi ngakhale mmodzi. Foni ya mayi a Tadala inkalira, ine n'kumangoiyang'ana.

Loweruka lina masana ndinaganiza zoigulitsa kiyibodiyo, ichoke pamaso panga. Ndinati ndiyambe ndafufuta zonse zili m'katimo kuti wogula asadzapeze manyazi anga. Ndinavala mahedifoni, n'kuyamba. Nambala naini, fufuta. Eyiti, fufuta. Ndinatsika choncho mpaka ndinafika pa nambala wani. Sindinakumbukire kuti muli chiyani, ndiye ndinati ndimvere kaye.

Inali nyimbo yomwe ija, ya tsiku lija pakhonde.

Mwina simukudziwa, kiyibodi ngati yangayi sijambula mawu a munthu. Imangosunga makiyi amene wadina, ndi nthawi imene wawadina. Ndiye mawu a mdala munalibe, a amama munalibe. Munali ine ndekha. Koma nyimboyo inali ndi mipata. Imayenda pang'ono, n'kuima. Imayendanso, n'kuima. Pena kanthawi kochepa, pena kotalikirapo. Poyamba ndinaganiza kuti makina awonongeka. Kenako ndinazindikira. Apa ndi pamene amama ankapuma. Apa ndi pamene mdala anatsokomola. Mpata wautali wa m'ndime yachitatu ndi pamene nkhuku inakwera patebulo, amama n'kuithamangitsa ndi mpango, tonse tikuseka. M'mipata yonseyo munali anthu, ndipo woimba kiyibodiyo ankawadikira.

Ndinaibwereza kasanu. Ndinalira ngati mwana wotayika pamsika, ndekha, mahedifoni ali kumutu. Zojambula zanga zina zonse zija zinali zosalala, zopanda mpata ndi umodzi womwe, chifukwa pozijambula panalibe munthu woti ndimudikire. Ndinavula mahedifoni, ndinatsegula chitseko, n'kuyenda wapansi mpaka kwa a Tembo ndikununkha choncho.

Tsopano mvetserani, inu amene mwina muli ndi kabotolo kanu kobisa, chifukwa zimene zinatsatira si zozizwitsa, ndi ntchito.

A Tembo ndinawauza zonse, kuyambira kabotolo koyamba mpaka nambala naini. Anandimvetsera osandidula. Nditamaliza anati, "Tinkaona, alangizi, koma tinkakonda nyimbo zosalakwika. Nafenso tili ndi mlandu wathu." Akulu a mpingo anandiimitsa kuimba, ndipo ndinakhala benchi yakumbuyo miyezi isanu ndi umodzi. Nyimbo anayambanso kuyambitsa ndi pakamwa.

Lolemba a Tembo anandiperekeza kuchipatala. Ndikunenetsa apa: ngati manja anu afika ponjenjemera m'mawa, musasiye mowa nokhanokha m'nyumba yotseka. Adokotala anandiuza kuti zimenezo zikhoza kukugwetsa, ngakhale kukupha. Anandithandiza ndi mankhwala, ndipo mlungu woyamba ndinagona kwa a Tembo, pabalaza, ndikutuluka thukuta ngati ndikulima mu Okutobala.

Mahedifoni ndinawapereka kwa akazi a a Tembo kuti awasunge, ndipo mpaka lero sanandibwezere. Namwino uja ndinakamufunsa maola amene amakhala maso. Tinagwirizana folo koloko madzulo, nthawi yomweyo imene ndinkatsegula chigubu. Ndinkatulutsa kiyibodi pakhonde, poyera, n'kuyamba ngati mwana wa sitandade wani, chala chimodzichimodzi. Odutsa ankamva kulakwitsa kulikonse. Zinkandiwawa, koma ndinaona kuti munthu sungamwe bwinobwino anthu akukuonera pakhonde. Kumudzi kwa mayi wa kachasu kuja ndinapempha kuti azipitako mlangizi mnzanga.

Mayi a Tadala ndinawaimbira foni n'kuwauza zoona. Atamva zonse anati, "Ndiye nthawi yonseyi ndimaganiza kuti muli ndi mkazi wina." Sindikudziwa ngati zinawapepukira kapena zinawalemera. Za banja lathu tikukonzabe, sindinama kuti zonse zili bwino. Ndipo ndinagwanso kamodzi, mwezi wachitatu, tsiku limene Tadala anakana kulankhula nane pafoni. Kusiyana kwake n'koti m'mawa mwake ndinakagogoda kwa a Tembo n'kunena ndekha.

Chimene chinkandilemera koposa chinali amama NyaShaba. Kuno munthu sukapepesa wekha ndiponso supita chimanjamanja. Patatha miyezi inayi, a Tembo anavomera kundiperekeza kumudzi kuja. Ndinagula tambala woyera. Tinawapeza amama akusenda chinangwa kuseri kwa nyumba, ataonda. Ndinakhala pansi padothi, a Tembo n'kundilankhulira. Atamaliza, ndinawonjezera ndi Chitumbuka changa chothyokathyoka kuti ndinalakwa chomene.

Amama sanayang'ane tambala uja. Anapitiriza kusenda mpaka chinangwa cha m'manja chinatha.

"Mdala wakamulindiliraninge," anatero. Kenako anabwereza m'Chichewa kuti ndisaphonye. "Ankakudikirani. Kuchipatala kuja chitseko chikatseguka ankadzutsa mutu. Ankati alangizi abwera, ndi odwala chabe, si oipa."

Anatenga chinangwa china, n'kupitiriza kulankhula.

"Za manyazi a pamaliro, anthu aiwala. Koma nyimbo ija ine sindinaimalize. Mwamuna wanga anapita ndi ndime imodzi ndi theka."

Amama anauza mpongozi wawo kuti alandire tambala uja, koma mawu oti ndakukhululukirani sanatuluke. Pobwerera a Tembo anati ndisawakakamize. Ndinabwerera pakhonde langa, folo koloko iliyonse, nyimbo yomweyo. Namwino uja mpaka anaiphunzira, n'kumaiimba akuyanika zovala. Ndinkamupempha kuti aziima paliponse pamene wafuna, osandichenjeza, kuti ndizolowerenso.

Chitatha chaka, ana a mdala anamanga chiliza. Kutatsala mlungu umodzi kuti achivundukule, a Tembo anabwera ndi uthenga: amama akuti mubwere ndi chinthu chanucho. Ndinachita mantha kuposa tsiku la maliro. Komatu manja anali atasiya kale kunjenjemera kwa mowa.

Kumanda kunali anthu ochepa, achibale ndi a mpingo. Ndinaika kiyibodi pampando, batire pansi. Ndisanakhale, ndinaitana a Tembo n'kuwapempha kuti amate pulasitala pa batani lija, aliyense akuona. Ena anaseka pang'ono. Amama sanaseke.

Anaimirira okha, popanda wowagwira. Anakoka mpweya. Ine manja pamwendo. Anayamba, pansi kwambiri, mawu okhakhala. Ndinafufuza ndi chala chimodzi, ndinaphonya, ndinaphonyanso, kachitatu ndinawapeza. Ndinalowa pansi pa mawu awo. M'ndime yoyamba ndinalakwitsa kawiri, ndipo aliyense anamva.

Pakati pa ndime yachiwiri, pamalo omwe aja, mawu awo anaduka.

Ndinakweza manja. Kiyibodi inakhala chete.

Sindikudziwa kuti tinadikira nthawi yaitali bwanji. Kunkamveka mphepo m'mitengo ndi ng'ombe kutali. Amama analira, analira, mpango uli kumaso. Mikono inayamba kundiwawa koma sindinaitsitse. Mumtima ndinkati ngakhale dzuwa lilowe, ndikhala pompano. Kenako anapukuta nkhope, anakoka mpweya, n'kuitola nyimbo ija pa liwu lomwe anaisiyira chaka chapitacho. Ndinatsitsa manja n'kuwatsata. Tinamaliza ndime zonse zinayi.

Anthu akubalalika, ine ndikukulunga mawaya, ndinamva zala zikundigogoda pamkono. Anali amama.

"Mwanilindilira," anatero. Mwandidikira. Kenako anayang'ana chiliza chija, n'kunenanso m'Chichewa, ngati akuuza mwini wake: "Abwera, adada. Achedwa, koma abwera."

Lero ndikuimbanso m'tchalitchi, kumbuyo kwa anthu. Ndimalakwitsa Lamlungu lililonse, ndipo ana a Sande sukulu ayambiranso kutsinana. Pulasitala uja akadali pabatani, wada ndi fumbi. Malo osungira nyimbo asanu ndi anayi ali opanda kanthu, nambala wani yokha ndiyo ndinaisiya.

Inu amene muli ndi chitseko chimene mumatseka folo koloko, sindikudziwani mayina, koma ndikudziwa kuti pali wina amene amadzutsa mutu chitseko chake chikatseguka, kuyesa ndinu. Ine wanga ndinamupeza ali pansi pa simenti. Tikatuluka pano, ine ndikhala panja pafupi ndi njinga zija, sindithamangira kulikonse. Amene akufuna woti amuperekeze, andipeze pamenepo.